Kodi Dzanja Lingaphunzire Kusema pa Intaneti?

M'chinenero chathu, mawu oti kumva amasenza katundu wambiri. Timamva ng'oma ndi makutu, timamva chisanu pakhungu, timamva mchere palilime, ndipo mwana wokana kutumidwa timati samva. Amisiri osema nawo ali ndi kumva kwawo. Mkulu akamaphunzitsa mnyamata amamupatsa nsompho, n'kufumbata dzanja la mnyamatayo ndi lake, n'kutema nalo kamodzi, kawiri, kenako amafunsa kuti, "Wamva?" Sikuti akufunsa za phokoso lokha. Akufuna kudziwa ngati mkono wamva pamene mtengo walola ndi pamene wakana, ngati wamva mfundo yobisika m'kati, ngati wamva kusiyana kwa kunja kofewa ndi mtima wouma gwa wa mlombwa. Mnyamata akafulumira kuyankha kuti "Ee, ndamva," mkuluyo amangoseka chamumtima, poti kumva kotereku kumadza patapita miyezi, matuza ataphulika n'kusanduka zikang'a.

Wofuna kuona zipatso za kumva kumeneku apite kumsika wa Kapata ku Chipata, kapena aime m'mbali mwa msewu wopita ku Mfuwe. Apeza mitondo ndi misi, mipini, zipande, mithiko, mitsuko ndi miphika yadothi, ndiponso ziboliboli za njovu ndi mvuu zodikira alendo opita ku South Luangwa. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene mwini wake anachiphunzira m'buku. Mnyamata wa Chingoni amayamba ndi ng'ombe zadongo zimene amaumba kudambo uku akuweta zenizeni, n'kuziika linunda ndi nyanga. Mtsikana amayamba ndi kuponda dothi la agogo ake, ndipo papita nthawi asanaloledwe kukweza khosi la mtsuko. Sukulu imeneyi ndi yakale zedi. David Phillipson, katswiri wofukula zakale amene anakumba m'mapanga a Thandwe, Makwe ndi Kalemba kuno kum'mawa kwa Zambia, anasonyeza kuti kaumbidwe ka mbiya kamene akatswiri amakatcha ka Luangwa kanayamba zaka pafupifupi 1,000 zapitazo ndipo kafika mpaka m'masiku athu ano. Zaka zonsezo lusoli layenda kuchoka m'dzanja kulowa m'dzanja, popanda cholembera.

Mmodzi mwa ana a dziko lino amene dzanja lake linatchuka kutali ndi Fanizani Akuda. Anali Mchewa, anabadwa mu 1932 dzikoli likadali Northern Rhodesia, ndipo mu 1949 anatsika kumwera kukafuna ntchito, monga ankachitira anyamata ambiri a nthawi imeneyo. Mu 1966 mlimi wa fodya wa kumeneko, Tom Blomefield, ataona kuti fodya wake sakugulikanso kunja chifukwa cha zilango zimene maiko anaikira boma la Ian Smith, anatsegula mudzi wa amisiri osema miyala pafamu yake ya Tengenenge, kufupi ndi Guruve. Ambiri mwa oyamba kusema kumeneko anali antchito a m'mafamu ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Akuda atafika ku Tengenenge sanayambe ndi kusema ayi. Ntchito yake yoyamba kumeneko inali yokumba miyalayo m'phiri. Pamene ankadzagwira chitsulo chosemera, manja ake anali atadziwa kale kulemera kwa mwala, pomwe umang'alukira, ndi kulira kwake ukakhala ndi mng'alu m'kati. Nkhope zake zomwetulira, za maso otsinzina, ndi tianthu take toimba mluzu zinafika m'nyumba zoonetsera luso za maiko akutali iye asanamwalire mu 2011. Ku Mua, m'boma la Dedza ku Malawi, nkhani ndi yomweyo: kuyambira 1976 pamene Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni, anyamata aphunzira kusema atakhala pambali pa amene anayamba kale, tchipisi ta mtengo tikugwera pamapazi a onse.

Tsono lero maphunziro ambiri akusamukira pa intaneti. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, masamu ndi mbiri zinayesa kudutsa pa wailesi, pa TV ndi pa foni, ndipo mwina zinadutsako pang'ono. Koma mphunzitsi wa ntchito zamanja anangogwira pakamwa. Kamera imanyamula za maso, maikolofoni imanyamula za makutu. Nanga za dzanja zinyamulidwa ndi chiyani?

Makina okankha dzanja

Sayansi yoyesa kuyankha funso limeneli imatchedwa haptics, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kukhudza. Aliyense amene ali ndi foni analawako kachigawo kake: kunjenjemera kumene foni imachita m'thumba uthenga ukalowa kumachokera ku kamota kakang'ono kamene kamagwedeza kachitsulo m'kati mwake. Koma kunjenjemera n'kochepa. Wosema amafuna china chachikulu, chimene ndi kukana kwa chinthu. Ukakankha dothi, dothi limakukankhanso. Ukakankha phingo, phingo amakana kotheratu. Makina ophunzitsira kusema ayenera kudziwa kukana.

Oyamba kufuna zotere sanali amisiri aluso. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Raymond Goertz wa ku Argonne National Laboratory ku America anapanga manja achitsulo oti munthu azigwirira zinthu zoopsa za nyukiliya ali kuseri kwa khoma lochindikala. Anazindikira kuti munthu akapanda kumva kulemera ndi kulimba kwa chimene wagwira, amachiphwanya kapena kuchigwetsa. Kenako mu 1993, wophunzira wina wa pa yunivesite ya MIT, Thomas Massie, pamodzi ndi mphunzitsi wake Kenneth Salisbury, anapanga kachipangizo kotchedwa PHANToM. Kachipangizoko ndi kamkono kachitsulo kokhala ndi mfundo ngati chigongono, koima patebulo. Kumapeto kwake kuli chogwirira chonga cholembera, ndipo m'mfundo zake muli timamota.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Pa sikirini ya kompyuta pali chibuma cha dothi chimene kulibe kwina kulikonse koma m'masamu a kompyutayo. Munthu akasuntha cholembera chija m'malere, kompyuta imadziwa pamene nsonga yake yafika. Nsongayo ikakhala kunja kwa chibumacho, timamota timangokhala chete ndipo dzanja limayenda mwaufulu. Ikangolowa m'malire a chibuma, kompyuta imawerengera kuti yalowa mozama bwanji, n'kulamula timamota kuti tikankhe dzanja kubwerera kunja. Kulowa kwambiri, kukankhidwanso kwambiri. Munthu amamva ngati wagunda chinthu, chonsecho kutsogolo kwake kuli mpweya wokhawokha. Posintha manambala, chibumacho chikhoza kufewa ngati phala kapena kulimba ngati njerwa. Kampani ya SensAble, imene inabadwa kuchokera ku ntchito ya Massie, inatulutsa mu 1999 pulogalamu yotchedwa FreeForm, yosemera dothi la m'kompyuta lotereli. Opanga zidole, nsapato, ndolo ndi ziwalo zoikirira anthu olumala anayamba kuigwiritsa ntchito, ndipo pambuyo pake inadzakhala m'manja mwa kampani ya 3D Systems.

Pali nambala imodzi yoyenera kuikumbukira pano. Diso n'losavuta kulinamiza. Filimu imaonetsa zithunzi zoima 24 pa sekondi imodzi, ndipo diso limakhulupirira kuti anthu akuyenda. Dzanja silipusitsika chotero. Kuti khoma la m'kompyuta limveke lolimba, makina ayenera kuwerengera ndi kukankha maulendo pafupifupi 1,000 pa sekondi iliyonse. Akachepetsa, khomalo limamveka lonjenjemera kapena lofewa ngati siponji. Chifukwa chake chili m'khungu lathu lomwe. M'nsonga za zala muli timitsempha tamitundumitundu: tina timamva kupsinja, tina kutsetsereka, tina kukokeka kwa khungu, ndipo tina, totchedwa Pacinian, timamva kunjenjemera kofulumira kofika maulendo 250 pa sekondi ndi kupitirira. Timeneti ndi timene timauza wosema, kudzera mumpini, kuti nsompho yakumana ndi mfundo.

Vuto la mtunda

Munthu mmodzi ndi kompyuta yake m'chipinda chimodzi, zimatheka. Nkhani imavuta pamene mphunzitsi ali kwina, wophunzira ali kwina.

Anthu anayesa kale. Mu 2002 ofufuza a ku MIT ndi anzawo a ku University College London analumikiza zipangizo zawo kudutsa nyanja ya Atlantic, ndipo anthu awiri, wina ku America wina ku England, ananyamulira limodzi kabokosi ka m'kompyuta, aliyense akumva kukankha kwa mnzake. Chaka chotsatira, gulu la Thenkurussi Kesavadas ku University at Buffalo linalengeza njira yoti munthu amve pa intaneti zimene dzanja la mnzake likumva, ndipo linati ingathandize pophunzitsa madokotala ochita opaleshoni ndi amisiri osema. Gulu lomwelo linapanganso golovesi yojambula kayendedwe ndi mphamvu ya dzanja la munthu amene akuumba dothi lenileni, n'kuzisamutsira m'kompyuta. Papita zaka zoposa 20 chichitikireni zimenezi, koma sukulu zosemera pa intaneti mwa njira imeneyi sizinafalikire ngakhale kumaiko olemera. Cholepheretsa chachikulu ndi kuchedwa kwa uthenga.

Taganizirani amayi awiri akusinja chimanga mumtondo umodzi. Munsi wina ukamatsika, wina ukukwera, ndipo palibe amene amawerenga. Thupi lililonse limamva nthawi ya linzake. Tsono mmodzi achedwe pang'ono chabe. Misi igundana, chimanga chimwazika, mwina chala chiphwanyika. Zipangizo ziwiri zolumikizidwa patali zimachita chimodzimodzi. Mphunzitsi akakankha, uthenga umachedwa kufika. Chipangizo cha wophunzira chimayankha za kale, yankholo limachedwanso kubwerera, ndipo zonse ziwiri zimayamba kugwedezeka mosalamulirika. Pokambirana pa foni, kuchedwa kwa mamilisekondi 100 sitikuzindikira n'komwe. Koma akatswiri amene amalota za intaneti yonyamula kukhudza amakamba zofuna kuchepetsa kuchedwako mpaka milisekondi imodzi yokha, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

Apa ndi pamene chilengedwe chimaika malire ake. M'nthambo za faiba, kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka pamsewu wa Great East pali makilomita pafupifupi 570. Kupita ndi kubwera, uthenga udya mamilisekondi pafupifupi 6, tisanawerengere kuima kwake m'makina a panjira. Mphunzitsi akakhala ku London, uthengawo uyenera kudutsa m'dziko la aneba kukapeza nthambo za pansi pa nyanja, poti Zambia ilibe gombe, ndipo kupita ndi kubwera kumapitirira mamilisekondi 100. Kubwera kwa 5G, imene MTN inayambitsa m'dziko muno mu 2022, kapena kwa Starlink mu 2023, kumathandiza pa zambiri, koma palibe kampani imene ingathamangitse kuwala. Chodabwitsa n'chakuti, poyeza ndi muyeso umenewu, mmisiri wa ku Mua ali pafupi ndi mnyamata wa ku Chipata kuposa mphunzitsi wa ku Henry Tayali Visual Arts Centre ku Lusaka, ngakhale kuti pakati pawo pali chipata cha Mwami ndi chidindo cha pasipoti.

Njira yozembera vutoli ilipo. M'malo molumikiza manja awiri pa nthawi imodzi, amajambula dzanja la mphunzitsi: njira imene layenda, liwiro lake ndi mphamvu yake. Zojambulidwazo zimatumizidwa ngati mmene timatumizira nyimbo, ndipo chipangizo cha wophunzira chimakoka dzanja lake kulondola njira yomweyo, kambirimbiri mmene angafunire. Zimenezi sizisamala za mtunda. Koma ofufuza za mmene thupi limaphunzirira ntchito aona chinthu chimene agogo athu ankachidziwa: dzanja lotsogoleredwa nthawi zonse limachita ulesi. Limayenda bwino pamene likukokedwa, koma ukalisiya limasochera. Mkulu uja wa nsompho amafumbata dzanja la mnyamata kawiri kapena katatu basi, kenako amalitaya n'kumayang'anira chapatali. Luso lake lalikulu lagona pa kudziwa nthawi yotayira, ndipo amaidziwa poyang'ana nkhope ndi mapewa a mwanayo. Makina akhoza kuuzidwa kuti azichepetsa thandizo pang'onopang'ono, inde, koma saona kuti lero mnyamatayu wabwera ndi njala kapena wakhumudwa.

Nsonga imodzi, zala khumi

Pali ntchito imene makinawa apambana nayo, ndipo ikutiuza zambiri. M'sukulu zina za madokotala a mano ku Ulaya ndi kwina, ophunzira amayamba kuboola mano a m'kompyuta pa makina monga Simodont, amene anapangidwa mogwirizana ndi sukulu ya mano ya ku Amsterdam. Amamva kulimba kwa kunja kwa dzino ndi kufewa kwa pamene pawola, ndipo akalakwitsa palibe amene amalira. N'chifukwa chiyani zatheka kumeneko? Chifukwa dokotala wa mano amakhudza dzino ndi nsonga imodzi ya chitsulo, ndipo mphamvu yake ndi yochepa. Nsonga imodzi ndiyo imene makinawa amadziwa kunamizira.

Ndiye tiyeze ntchito za kwathu ndi muyeso womwewo. Wosema ziboliboli akafika pomaliza, pamene akulemba makwinya a chitamba cha njovu ndi kampeni, ali pafupi ndi dokotala wa mano, ndipo makina angamuthandize. Koma poyamba penipeni, pamene akugumula chipika ndi nsompho, ayi. Chipangizo chotchuka cha patebulo chotchedwa Touch chimakankha ndi mphamvu yosapitirira manyutoni 3.3, yofanana ndi kulemera kwa madzi a m'kabotolo ka mamililita 330. Kutema kumodzi kwa nsompho kungachithyole. Ndipo kutema sikuchokera m'dzanja mokha. Kumachokera m'chiuno, m'mapewa, m'mapazi amene apana chipikacho.

Woumba mbiya ndiye ali kutali koposa. Dzanja lina lili m'kati mwa mtsuko, lina kunja, ndipo pakati pa awiriwa amamva kuchindikala kwa khoma limene diso silingaone. Amamva chinyezi, kuti dothi lauma mokwanira kusenza mkombero wina kapena lidikire mawa. Amamva kamwala kamodzi kobisala kamene kakanaphulitsa mtsuko pamoto. Amasalaza ndi chitsononkho, n'kukulungiza ndi mwala wosalala. Magolovesi alipo, monga a kampani ya HaptX, okhala ndi timatumba tampweya tambirimbiri totupa pakhungu ndi zingwe zoletsa zala kupinda, koma mtengo wake ndi wa makampani akuluakulu, ndipo chinyezi cha dothi sachidziwa. Ngakhale chipangizo cha nsonga imodzi chija chimagulidwa ndi madola masauzande, kuwonjezera kompyuta yamphamvu ndi magetsi osazima. Amene anakhala m'dziko muno mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi a ku Kariba n'kusiya mizinda mumdima maola ambiri patsiku, sasowa kuuzidwa tanthauzo la mawu otsirizawa. Kunali chipangizo chotchipa, Novint Falcon, chimene chinatuluka mu 2007 pa mtengo wa madola pafupifupi 200, koma chinapangidwira masewera ndipo sichinakhalitse pamsika.

Komabe sindikufuna kuti nditaye makinawa kudzala. Pali phindu limodzi limene limandigwira mtima, ndilo mitengo. Phingo amakula mwaulesi, zaka makumimakumi asanafike poti n'kusemedwa, ndipo kuyambira 2017 malonda ake odutsa malire amalamulidwa ndi pangano la maiko la CITES. Mukula unalowa pamndandanda womwewo mu 2019, utagwetsedwa kale wambirimbiri. Wophunzira aliyense amawononga zipika zingapo asanatulutse chinthu chogulitsika. Ngati koleji yophunzitsa ntchito zamanja itakhala ndi zipangizo ziwiri kapena zitatu, ophunzira n'kumalakwitsira pa dothi la m'kompyuta poyesa kukula kwa mutu poyerekeza ndi thupi, kapena kaimidwe ka miyendo ya nyamalikiti, mitengo ina ingapulumuke. Ngakhale apa pali nkhawa yanga. M'kompyuta muli batani lobweza cholakwa: wadula khutu la njovu, wadina, khutu labwerera. Pamtengo palibe batani lotero, ndipo mantha odziwa kuti chodulidwa sichibwerera ndiwo amaphunzitsa dzanja kudekha. Wokulira pa batani adzafunika kuphunzira mantha amenewo mochedwa.

Nkhani ina ndi ya umwini. Dzanja la mmisiri likajambulidwa, limasanduka fayilo, ndipo fayilo imakopedwa, kugulitsidwa, ngakhale kutumizidwa ku makina osindikiza zinthu kuti atulutse njovu 1,000 zofanana, mmisiriyo osaona ngakhale ngwee. Zambia ili ndi lamulo la 2016 loteteza nzeru za makolo ndi zaluso za chikhalidwe, koma kulondola fayilo imene yawoloka nyanja si ntchito yamasewera. Ndipo pali zina zimene sizinapangidwire kuphunzitsidwa poyera n'komwe. Amene anafikapo ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti, anaona zilombo za Gule Wamkulu zikuvina pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo UNESCO inalemekeza guleyu mu 2005. Koma za kudambwe zimathera kudambwe. Sindinena zambiri, ndipo owerenga amene analowa akudziwa chifukwa chake. Kumeneko funso silikhala lakuti makina angathe kapena ayi. Eni ake ndiwo amanena amene ayenera kumva.

Pakali pano, chipangizo chimene mnyamata wa ku Chipata ali nacho ndi foni, ndipo amisiri akuigwiritsa kale ntchito m'njira imene opanga makina sanaiganizire. Kumva kwa dzanja kuli ndi mbale wake, kumva kwa khutu, ndipo ameneyu amadutsa pa intaneti mosavuta. Woumba amagogoda mtsuko wootcha ndi chala kuti amve ngati uli ndi mng'alu. Wosema wazaka zambiri amazindikira mtengo wauwisi, mtengo wofumbwa ndi chitsulo chobuntha ali chofulatira. Tsono yerekezani mnyamata wakhala pansi pa mtengo wa mango, chipika chili pakati pa mapazi, foni waitsamiritsa pa njerwa. Mbali inayo kuli amalume ake, amene amasema ku Kabwata ku Lusaka. Chithunzi chikudukaduka, nkhope ya amalume yaima pa sikirini pakamwa pali yasa, koma mawu akudutsa.

"Sendeza foniyo pafupi ndi chipika. Tema ndimve."

Kho! Kho!

"Bwereza."

Kho!

"Iwe, nsompho imeneyo unainola liti?"

"Dzana, amalume."

"Dzana lake liti? Pita ukanole, ukabwere undiimbirenso."